Onse akuti ndi katakwe, koma ine nyimbo zake sizikundilowa: mafunso ndi mayankho

Alipo oimba omwe dzina lawo likangotchulidwa, anthu amagwedeza mitu ngati amva vesi ya m'Baibulo: Miles Davis, John Coltrane, Fela Kuti, Franco, Bob Dylan, ndipo kwathu kuno Allan Namoko kapena Daniel Kachamba. Munthu amathera bandulo kusaka nyimbo zawo, amakhala pansi, n'kutchera khutu, koma pakatha mphindi zitatu mtima uli zii. Apo m'pomwe amayamba kudzikayikira. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwerabwera pa nkhani imeneyi.

Kodi vuto ndi ine?

Kawirikawiri ayi. Kukoma kwa nyimbo kumadalira kwambiri kulosera. Pomwe mukumvera, ubongo umatsogola n'kumayerekeza chomwe chikubwera; ukalondola umasangalala, ndipo woimba akaukhotera pang'ono mwaluso umasangalala kuposa apo. Mu 2011, Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre a ku McGill University, mumzinda wa Montreal, anaonetsa kuti mankhwala a muubongo otchedwa dopamine amatuluka magawo awiri: munthu akamayembekezera pamalo pomwe amapakonda m'nyimbo, komanso pamalopo pakafika. Ndiye kuti gawo lalikulu la chimwemwecho lili m'kudikira. Koma simungadikire chinthu chomwe simukudziwa kuti chikubwera. Chamba chachilendo chimakhala ngati ulaliki wa m'chinenero chomwe simuchimva: mlalikiyo akhoza kukhala wamphamvu zedi, anzanu n'kumafuula amen, inu mukungomva mawu akukwera ndi kutsika.

Ngakhale zomwe timaganiza kuti munthu aliyense amabadwa akuzikonda, zambiri timachita kuphunzira. Mu 2016, Josh McDermott ndi anzake anamvetsa anthu a mtundu wa Tsimane a ku Bolivia, omwe samvera kwenikweni nyimbo za azungu, mawu ogwirizana bwino ngati a kwaya ndi mawu ena ogundana. Iwo amasiyanitsa ndithu, koma sanaone kuti ogwirizanawo ndi okoma kuposa enawo. Khutu limaleredwa ngati lilime. Wokulira pa nsima sakhuta mpunga, ndipo palibe yemwe amati ali ndi matenda.

Ngati sakundikomera, nanga anatchuka bwanji?

Kutchuka kumayankha funso lina, osati la kukoma. Ena amalemekezedwa chifukwa anali oyamba. Pomwe gulu la The Beatles limazunguza tepi chakumbuyo m'nyimbo zawo za 1966, omvera amadabwa kuti phokosolo likuchokera kuti. Lero mwana wa sekondale amachita zomwezo pa foni. Woyambitsa amamveka ngati wamba kwa munthu amene anayamba wamva omutsanzira, ngati momwe mwambi umaoneka wachabe ukaumva pakamwa pa aliyense.

Ena amalemekezedwa chifukwa cha zomwe nyimbo zawo zinawagwetsera. Fela Kuti anaimba nyimbo ya "Zombie" yonyoza asilikali a Nigeria kuti amangotsata malamulo ngati mitembo yoyenda. Mu February 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anazungulira mudzi wake wa Kalakuta ku Lagos, anautentha, ndipo mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, anawaponya pa zenera. Mayiwo anamwalira chaka chotsatira. Munthu wa ku Lagos akamva malipenga a nyimboyo amamva zonsezi. Inu mukumva malipenga basi.

Ndiye pali mwayi. Mu 2006, Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts a ku Columbia University anapatsa anthu oposa 14,000 nyimbo 48 za magulu osadziwika, atawagawa omverawo m'magulu osaonana. Komwe anthu amaona kuti anzawo atenga nyimbo iti, yomwe yatsogola imangopitirira kutsogola, ndipo nyimbo imodzimodziyo imatha kukhala pamwamba m'gulu lina koma pakatikati m'gulu lina. Nyimbo zabwino kwambiri sizimagwa pansi penipeni, zoipa kwambiri sizimakwera pamwamba penipeni, koma pakatipo zimangotengera yemwe wayamba kuomba m'manja. Musatenge izi ngati umboni woti akatakwe onse ndi bodza. Zikungoonetsa kuti mndandanda wa otchuka sunatsike kumwamba. Johann Sebastian Bach atamwalira mu 1750, nyimbo zake zazikulu za m'tchalitchi zinagona m'makabati zaka zambirimbiri, mpaka Felix Mendelssohn anadzutsa imodzi ku Berlin mu 1829.

Ndayesa jazi, ndikungomva aliyense akuliza zake. Ndimvere chiyani kwenikweni?

Apa m'pomwe anthu ambiri amagwera, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Amatsatira lipenga poyembekeza kolasi, pomwe kolasi yobwerezabwereza mulibe. Chomwe chimabwerezedwa mu jazi ndi chimango chapansi, ndipo oimba amasinthana kuyenda pamwamba pa chimangocho, aliyense akupeka zake nthawi yomweyo. Mukachipeza chimango, phokoso lija limasanduka zokambirana.

Tengani nyimbo yoyamba ya m'chimbale cha Miles Davis cha 1959 chotchedwa Kind of Blue. Dzina lake ndi "So What" ndipo ndi ya mphindi 9 ndi masekondi angapo. Kwa theka la mphindi piyano ndi besi zimangofufuzafufuza. Kenako besi ya Paul Chambers imayambitsa mzere, piyano n'kuvomera ndi mawu awiri, malipenga n'kudzalowa m'kuvomerako. Izi si zachilendo kwa aliyense amene anakhalapo pa chinamwali kapena pa maliro: mmodzi ayambitsa, gulu livomera. Chachilendo n'choti woyambitsayo ndi besi.

Tsopano werengani 1, 2, 3, 4 motsatira besi. Kuwerenga kamodzi kotere ndi komwe oimba amati bar. Chimango cha nyimboyi chili ndi ma bar 32: oyamba 16 akhala pa kiyi ya D, otsatira 8 akwera kasitepe kamodzi kupita pa E-flat, omaliza 8 abwerera pa D. Kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi imodzi. Pakukwerapo mumva ngati wina watsegula zenera m'chipinda. Mukangopagwira kamodzi, simudzasocheranso m'nyimboyo. Pakatha mphindi imodzi ndi theka, Jimmy Cobb amamenya mbale yachitsulo ija ya pambali pa ng'oma, ndipo Miles amalowa ndi lipenga lake. Azungulira kawiri, ndi mawu ochepa, akusiya mipata yaikulu. Coltrane atenga pa sakisofoni, nayenso kawiri, koma mothamanga ndi mokakala ngati munthu wokhala ndi zambiri zoti anene. Cannonball Adderley abwera mosangalala, pafupi ndi kaimbidwe ka m'tchalitchi. Bill Evans apatsidwa kuzungulira kumodzi pa piyano, kenako besi ibweretsanso mzere woyamba uja. Anthu anayi ayankha funso limodzi, aliyense ndi khalidwe lake. Mukafika poti n'kunena kuti "wachiwiriyu akundisangalatsa kuposa woyamba," mwayamba kumva jazi, ngakhale simunaikonde.

Cholakwika china n'kuyambira pa chimbale chomwe akatswiri ounika nyimbo amachitama koposa. Zimbale zoterozo nthawi zambiri ndi zomwe woimba anaswa malamulo, ndipo kuswa lamulo kumakoma kwa wolidziwa lamulolo. Kwa Coltrane, yambani ndi Ballads cha 1963, chodekha komanso cha nyimbo zazifupi, kenako A Love Supreme cha 1965. Ascension, momwe anthu 11 amaliza pamodzi kwa mphindi pafupifupi 40, chisiyeni kaye; ngakhale okonda Coltrane ambiri amachizemba, kungoti savomera pagulu. Chimodzimodzi Miles: Bitches Brew cha 1970 si khomo lolowera.

Fela ndi Franco amatalikitsa. Bwanji osangonena zomwe akufuna n'kumaliza?

Chizolowezi cha nyimbo ya mphindi zitatu chinachokera ku zimbale zakale za 78, zomwe mbali imodzi imangokwana pafupifupi mphindi zitatu, ndipo mawailesi anachilimbikitsa. Si lamulo la chilengedwe. Fela ndi Franco amapekera malo ovinira usiku wonse, Fela ku Shrine ku Lagos, Franco ndi gulu lake la OK Jazz, lomwe linayamba mu 1956, m'mabala a ku Kinshasa. "Zombie" ndi ya mphindi 12, ndipo pafupifupi 5 zimatha mawu asanalowe. Mukamadikira mawu mutopa. Tsatirani ng'oma za Tony Allen, muone momwe manja ndi miyendo yake zikuchitira zinthu zinayi zosiyana koma zolumikizana, kenako muwerenge zida zomwe zikulowa chimodzichimodzi. Nyimbo zotere sizipita kutsogolo ngati nthano. Zimazungulira pamalo amodzi n'kumakhuthala, ngati ng'oma za chimtali.

Rumba ya ku Congo nthawi zambiri ili ndi magawo awiri: loyamba loimba modekha, lachiwiri la magitala lotchedwa sebene, lomwe ndi lovina. Amene amadumpha nyimbo pa mphindi yachiwiri sanafike pomwe eni ake amadzukira pa mpando. Mu sebene yesani kulekanitsa magitala: ina ikulira pamwamba, ina ikusunga kugunda pansi, ndipo pakati pali yachitatu yotchedwa mi-solo yolukana ndi zinzakezo. Mfundo ina yosavuta: imirirani. Nyimbo yopekedwera m'chiuno siingaweruzidwe ndi munthu wogona chagada pabedi.

Bambo anga amati kunalibe ngati Namoko ndi a Kachamba. Ine ndikungomva banjo yakuthwa ndi tepi yolira. N'chifukwa chiyani?

Pali zinthu ziwiri, ndipo chimodzi chimakonzeka lero lomwe. Oimba ambiri akale a ku Malawi anajambulidwa ku studio za MBC, gulu lonse likuimba nthawi imodzi, popanda mwayi wokonza chida chilichonse pachokha. Zomwe zili pa memori khadi yanu mwina zadutsa pa kaseti, n'kukoperedwa kangapo, fayilo n'kuchepetsedwa. Khutu lozolowera amapiano ndi besi yogwedeza minibasi limamva ngati pansi pa nyimboyo pabooka. Kubookako n'kwa zojambulira, osati kwa oimba.

Chachiwiri n'kudziwa pomwe pali luso. Namoko, yemwe anali wosaona wa ku Thyolo, amaimba ndi gulu la Chimvu River Jazz Band. Musapusitsidwe ndi mawu oti jazz m'dzinamo. Magulu ambiri a m'midzi amadzitcha choncho popanda ubale ndi Miles Davis. Mphamvu yake ili m'mawu ndi m'nkhani: umasiye, umphawi, nkhanza za m'banja, zonenedwa mosabisa pamwamba pa banjo yothamanga. Mverani mawuwo ngati munthu akukudandaulirani pakhonde. Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe anamwalira mu 1987, luso lake lili m'zala: chala chachikulu chimayendetsa besi pomwe cholozera chikuimba nyimbo pamwamba, mpaka kumamveka ngati magitala awiri. Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kujambula ndi kulemba za banja la Kachamba mu 1967 chifukwa cha zoterezi. Yesani kung'ung'udza besi yokhayo. Mudzaona kuti ili ndi njira yakeyake.

Umboni woti vuto limakhala chovala cha nyimbo tinauona ndi Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930. Achinyamata ambiri amamudutsa, koma Patience Namadingo atakhala naye pansi mu 2020 n'kuika nyimbo zomwezo pa reggae yojambulidwa bwino, "Linny Hoo" inazungulira dziko lonse pa TikTok. Nyimboyo sinasinthe. Ngati pali woimba wamakono amene anaimbanso nyimbo ya katakwe yemwe akukuvutaniyo, yambirani kumeneko, kenako mubwerere kwa mwini wake. Si kuba mayeso.

Kodi chomvetsera chili ndi kanthu?

Kwambiri, kuposa momwe anthu amaganizira. Chingwe chotsikitsitsa cha besi yaikulu yoimika ija chimalira pa 41 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera ndi kutsika kwa mawu), pomwe sipika ya foni imavutika ndi chilichonse chapansi pa 200 Hz. Ndiye kuti pa foni, woyambitsa nyimbo ya "So What" samveka kwenikweni. Mumangomva ovomera akuvomera mphepo. Mahedifoni wamba a pamsika amaposa sipika ya foni kutali. Valani onse awiri: m'zimbale zambiri za zaka za m'ma 1950 ndi 1960 oimba anawagawa, wina kumanzere wina kumanja, ndipo mukabwereka mnzanu khutu limodzi mwamupatsa woimba wathunthu. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho chimbale cha mphindi 45 ndi pafupifupi 45 MB. Mukaona nyimbo ya mphindi 9 ili 2 MB, dziwani kuti inafinyidwa mpaka mbale zachitsulo zija zimalira ngati mafuta a mu chiwaya. Ndipo musaweruze nyimbo yokhala ndi malo ofatsa muli m'minibasi kapena pafupi ndi chigayo.

Bob Dylan mawu ake ndi oipa. Kodi ndine ndekha ndikumva choncho?

Simuli nokha, ndipo omukonda ambiri savutika kuvomereza. Mphoto ya Nobel yomwe analandira mu 2016 inali ya zolembalemba, osati ya kukoma kwa mawu. Ngati Chingerezi cha ndakatulo chimakudutsani, kapena ngati simumva Chilingala cha Franco ndi Pidgin ya Fela, mukulandira gawo lochepa la zomwe anthu amatama. Pezani mawu olembedwa kapena omasuliridwa, muwawerenge kaye nyimbo isanalire, kenako mumvere muli nawo m'manja. "Mario" ya Franco ya 1985 imasintha mukadziwa kuti ndi mayi akudandaula za mwamuna wophunzira koma wosafuna ntchito, wodya za mkaziyo n'kumamuchitanso nsanje. Kubwerezabwereza kuja kumasanduka kukalipa kwa munthu wotopa. Koma ngati kulira kwa mawu a munthu kukukunyansani m'thupi, zimenezi sizisintha kawirikawiri. Nyimbo zake zimveni mwa ena: "All Along the Watchtower" anthu ambiri amaidziwira kwa Jimi Hendrix, yemwe anaiimba mu 1968.

Ndimvere kangati ndisanagonje?

Robert Zajonc anaonetsa mu 1968 kuti chinthu ukamakumana nacho mobwereza umayamba kuchikonda. Koma kubwerezako kukapyola muyeso kumabala kunyansidwa. Choncho kudzikakamiza chimbale chonse kasanu tsiku limodzi n'kudzipweteka. Njira yomwe imagwira ntchito ndi iyi. Sankhani nyimbo imodzi, osati chimbale. Tsiku loyamba imvereni yonse, foni ili chafufumimba, osadumpha. Tsiku lachiwiri tsatirani besi yokha, lachitatu ng'oma zokha. Lachinayi werengani za nyimboyo: inajambulidwa liti, ndi ndani, zinthu zili bwanji. Lachisanu iikeni chapansipansi mukuchapa kapena mukusita, osaisamala. Khutu limaphunzira zambiri pomwe mwini wake sakuliyang'anira. Kenako isiyeni masiku atatu kapena anayi, n'kudzaimveranso kachisanu ndi chimodzi. Zonse zitenga masabata awiri osakwana.

Chizindikiro choti china chake chagwira si chimwemwe chachikulu. Ndi kakang'ono: mwapezeka mukung'ung'udza kagawo kena panjira, kapena mukudikira pamalo pena pake m'nyimbomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono zina zilibe nanu ntchito. Ngati pakatha maulendo asanu ndi limodzi palibe ngakhale masekondi 20 omwe mukuwadikira, yesani nyimbo ina ya nthawi ina ya woimba yemweyo. Ikakanikanso, mwachita mbali yanu.

Kodi ndakalamba kuti n'kukonda zatsopano?

Msinkhu uli ndi gawo. Mu 2018, Seth Stephens-Davidowitz anasanthula zomwe anthu amamvera pa Spotify ndipo anapeza kuti nyimbo zomwe amuna amazikakamira ndi zomwe zinatuluka ali ndi zaka pafupifupi 14, akazi 13. N'chifukwa chake amalume anu akamva Evison Matafale maso amalengeza misozi: akumva unyamata wawo, zaka za 1999 mpaka 2001, ndi imfa yake ali m'manja mwa apolisi. Zimenezo simungabwereke. Koma khomo silitsekeka. Kungoti wamkulu safuna kutaya nthawi, pomwe wachinyamata amamva nyimbo imodzi ka 50 popanda kuwerenga.

Ndinene chiyani anzanga akamatama woimba yemwe sindimumva?

Musanamizire, chifukwa wonamizira amagwidwa pa funso lachiwiri. Musanyozenso, chifukwa mawu oti "n'zachabe" amatseka pakamwa pa munthu yemwe akanakutsegulirani khutu. Siyanitsani kulemekeza ndi kukonda, ndipo funsani za malo enieni: "Achimwene, luso ndikuliona, koma sizinandilowe. Inuyo imakugwirani pati, pa mphindi yachingati?" Wokonda weniweni adzatulutsa foni n'kukufikitsani pamalopo. Wongotsatira gulu adzayamba kunena za mphoto.

Nanga ngati chondiletsa ndi khalidwe la woimbayo?

Chimenecho si vuto la khutu, ndipo kumvera mobwereza sikungachichotse. Miles Davis anavomera yekha m'buku la mbiri yake la 1989 kuti amamenya akazi. Richard Wagner analemba zonyoza Ayuda mu 1850, ndipo mpaka pano magulu oimba a ku Israel amapewa kuimba nyimbo zake pagulu ngakhale palibe lamulo loletsa. Ena amatha kulekanitsa munthu ndi ntchito yake, ena sangathe. Palibe amene ali ndi ngongole yomvera munthu yemwe akumuwawa mumtima.

Palibe nyimbo iliyonse imene imandisangalatsa. Izinso n'zachibadwa?

Funso loyamba n'loti zinayamba liti. Ngati munali choncho chibadwire, koma chakudya, mpira, nthabwala ndi kucheza zimakukomerani, mukhoza kukhala m'gulu lomwe ofufuza a ku University of Barcelona analifotokoza mu 2014: anthu omva bwinobwino, otha kusiyanitsa nyimbo yachisoni ndi yachimwemwe, koma osapezamo chisangalalo. Amayerekeza kuti ndi anthu 3 mpaka 5 pa 100 alionse, ndipo si matenda ofuna mankhwala. Palinso ena, ochepa, omwe ubongo wawo susiyanitsa bwino kukwera ndi kutsika kwa mawu; amadziwa nyimbo ya fuko chifukwa cha mawu ake kapena poona anthu aimirira.

Koma ngati kale mumavina ndipo tsopano chilichonse chili zii, nyimbo, chakudya ndi anzanu omwe, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, tulo tikuvuta ndipo thupi ndi lolefuka, nkhani yachoka kwa Coltrane. Chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro zazikulu za matenda a kukhumudwa, ndipo mukaonane ndi achipatala. Ngati nyimbo zayamba kumveka zosalongosoka, m'khutu mukulira mluzu, kapena mukuvutika kumva munthu pagulu, kapimitseni makutu. Mawu apamwamba ndi omwe amayamba kutayika, makamaka kwa ogwira ntchito pa chigayo, pa makina ocheka matabwa kapena pafupi ndi zimkuzamawu. Bungwe la World Health Organization limati wamkulu asapyole phokoso la 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo pa mahedifoni voliyumu isamapitirire 60 pa 100.

Ndagonja. Ndifufute zonse?

Siyani nyimbo ziwiri kapena zitatu mu foda imodzi, mulembe chaka pa dzina la fodayo, zinazo fufutani mupeze malo. Mudzaitsegule pakatha chaka, kapena chinthu chikasintha: mwayamba kuphunzira gitala, mwaferedwa, mwasamukira ku Johannesburg ndipo banjo yomwe mumaiseka kunyumba yayamba kumveka mwina. Ndipo mukamva kuti gulu loimba chamba chimenecho likuimba pafupi, pitani mukaime chapatsogolo, mbali yomwe kuli woliza besi, muziyang'ana manja ake ndi momwe akuponyerana maso ndi wa ng'oma nthawi yosintha gawo ikayandikira.